Mpasa za Manambala

Lolemba, 3 Epulo 1978
Sabata yachitatu pa Linthipe. Anzanga ku Salima anamangirira tizitsulo ta manambala pa zipsepse za mpasa mazana atatu. Yanga ntchito ndi kudikira kumtunda kuno, ndione ngati zimafika zikamakwera mtsinje kuchokera kunyanja kudzaikira mazira. Zomwe ndapeza: ziro. Bwana alemba kuti ndikapanda kutumiza nambala pofika pa 14 atseka za kuno, ndikakhale mu ofesi kudinda makalata. Zaka zinayi za sayansi kukathera pa chidindo.

Lachitatu, 5 Epulo
Ndatopa n'kudikira. Ndinapempha a tcheyamani a chipani asonkhanitse anthu. Ndinavala tayi. Ndinati, "Wogwira nsomba ya nambala aonekere kwa ine, boma likufuna dzina lake." Anaomba m'manja kwambiri. Kuyankhula ndimatha ndithu.

Loweruka, 8 Epulo
Sanabwere ndi mmodzi yemwe. Pamsika ogulitsa nsomba akandiona akuvundikira madengu.

Lamulungu, 9 Epulo
Chifunga. Masokosi osauma.

Lachiwiri, 11 Epulo
Mayi Filomena, eni nyumba yomwe ndimagona, andipatsa mpasa yowamba. Pachipsepse kabowo, pomwe pamakhala kachitsulo.
"Mayi, iyi yachokera kuti?"
"Idyani, mwanangu, izizira."
Nditakakamira anati, "Munati boma likufuna dzina. Amene boma linamufuna dzina munamuonapo atabwerera?"
Digiri yonseyi, ndaopseza mudzi wathunthu ndi pakamwa panga. Nsombayo ndinadya. Inali yokoma.

Lachinayi, 13 Epulo
Mamawa amuna a Mayi Filomena, a Gerevazio, anandigogodera. "Tayi musiye." Tinatsikira kumtsinje komwe anatchinga madzi ndi mpanda wa nsungwi n'kutchera miono. Zoletsedwa, ndipo akudziwa kuti ndikudziwa. Anapisa dzanja m'mphako ya mkuyu, natulutsa kachitini ka fodya. Tizitsulo tisanu ndi tiwiri.
"Tikanataya m'madzi, koma tinaopa kuti mwina timawerengedwa."
Tsiku la kalikonse akulikumbukira. Aka pa Pasaka, aka tsiku lomwe anakumba mbatata. Mpasa zimafika kuno, ndipo ndine woyamba kulemba.

Fomu: nambala, tsiku, malo, dzina la wogwira. Iwo maso ali pa cholembera. Pa malo ndalemba "mtsinje" basi. Pa dzina ndalemba langa, Bonifasio Zilole, kasanu ndi kawiri, ine wosagwirapo ngakhale litemba limodzi.
"Mwalemba ndani?"
Ndinawawerengera. Anatseka kachitini.
"Ndiye mawa mulawire, mudzaphunzire kuvuula mono. Angadzakufunseni mmene munazigwirira."