Achimwene Anu Ayamba Sukulu ya Pafoni

Okondedwa azakhali,

Kuno tadzuka, kaya inu ndi miyendo yanu ija.

Achimwene anu chisiyireni utelala analembetsa maphunziro a achikulire pa intaneti. M'mawa uliwonse amavala jekete, n'kutsamiritsa foni pachitini cha shuga. Aphunzitsi akaonekera, iwo amaimirira n'kupereka moni, chonsecho ndi kanema wojambulidwa kalekale.

Poyamba tinkaseka. Koma phunziro loyamba lomwelo alionera kakhumi tsopano, ndipo tsiku lililonse amandiitana kuti, "Mwanawe, thamanga udzamve zatsopano!" Dzulo anandifunsa ngati inu mwaweruka kusukulu, poyesa mukadali kamtsikana. Chimvereni zimenezo ndikungozungulira m'nyumbamu, ntchito sikugwirika.

Munati mudzabwera chaka chamawa. Ine si dokotala, azakhali, koma bwerani mwezi uno.

Ndine mwana wanu wotsala pakhomo uja.