Tsitsi la Selestina

Lolemba, 8 Seputembala 1947

Mwana wanga andifera m'manja. Selestina. Matuza afika m'kamwa, akukana bere. Anayambira m'ntchafu, kenako pamimba, ondondozana ngati mikanda. Ukangokhudza, khungu kusupuka ngati la mbatata yophika. Sanapse ndi moto, ndalumbira mpaka kutopa. Mwamuna wanga Paison ali ku Joni, ine pano pa Nsipe pakati pa abale ake okhaokha. Mawa kuchipatala cha mishoni, afune asafune.

Lachitatu, 10 Seputembala

Tinapita dzulo. Apongozi ananditsatira, ati akamve okha. Dokotala wachizungu anamuyang'ana nthawi yaitali, bambo Fanizo akumasulira. Si khate. Si chindoko. Sapatsirana. Mtima unakhala pansi. Kenako bambo Fanizo n'kuwonjezera kuti dokotala akudabwa, matuza otere anawaona pa Amwenye ali ku India nthawi ya nkhondo, pa munthu wakuda n'koyamba. Anangonena ngati akukamba za mvula. Njira yonse yobwerera apongozi osandiyankhula.

Mapiritsi oyera, kachibenthu m'mawa uliwonse. Akatha tibwerereko.

Loweruka, 13 Seputembala

Mudzi wonse wamva, ati mwanayu ndi wa Mmwenye. Chifukwa ndinkatungira madzi mkazi wa Mmwenye wa sitolo uja. Madzi! Mchere umene apongozi ankathira m'ndiwo zawo unkachokera kuti? Alamu anga a Zelesi kuchitsime: "Nanga nsalu ija, alamu, munagula ndi madzi okha?" Amayi onse kuseka. Pang'onong'ono ndikanawaswera mtsuko pamutu.

Paison anachoka ndili ndi pakati. Anandilangiza za mimbayo ndi apongozi omwe, iye ali pakhonde. Lero aiwala.

Dokotalayo waona ana angati a kuno? Athu amafera m'midzi, pa tebulo lake safikapo. Chimene sanaone iye, wachiwerewere ndikhale ine?

Lachiwiri, 16 Seputembala

Thuza latsopano palibe. Wayamwa pang'ono. Ndinathamanga naye kwa apongozi, ine wopusa, kuti akondwe. Pamimba sanayang'anepo. Maso kumutu. Tsitsi lafewa, lafiirira, iwo n'kumalikoka ndi zala ngati akusankha thonje. Ndinawauza kuti la mwana wodwala limatero, ngakhale ana a njala. Ati tiona.

Lachinayi, 18 Seputembala

Abale a Paison agwirizana ine kulibe. Loweruka amumeta mpala. Tsitsi likamera lopotana ndi wa Paison. Likamera lowongoka, ine ndi mwana tione njira.

Kumutuko kuli zilonda zosapola. Khungu lochoka ndi chala chokha aikepo lumo? Lumo lake lomwe lija amametera pa maliro. Ndakana. Ati wokana akudziwa chimene akubisa. Ndati tiyeni tikafunsenso bambo Fanizo, ati mzungu wanena kale, sabwereza. Kuchipatala osapondako mpaka atameta. Mapiritsi atsala pang'ono kutha.

Ndatuma mawu kwathu ku Tsangano kudzera mwa mayi wogulitsa mbatata ya kachewere. Kaya akafikitsa.

Paison, iwe uli pansi pa mgodi, mayi ako akufufuza dzina lako m'mutu mwa mwana wodwala.

Lachisanu, 19 Seputembala

Ndinayesa kuzemba m'mamawa, mwana kumbuyo. A Zelesi ali kale pa njira ndi khasu, ati akupita kudimba. Dimba lili kumadzulo, njira ya kuchipatala ili kum'mawa. Anandibweza ngati mbuzi.

Loweruka lawatalikira. Apongozi akunola lumo pa mwala wa pakhonde, ndikulimva ndili muno. Chitseko ndapiringidza ndi musi. Selestina wagona, kamutu pa bere, ndakaphimba ndi dzanja. Ayambe adula dzanjali.

Malume Cyprian, munandilera ndinu, munandiperekeza kuno ndinu. Khasu lisiyeni pomwe lilipo. Musadikire kuti kuche. Bwerani, malume, bwerani tsopano, musiwu sulimba.