Nambala ya pa ovololo yanga

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Ife kuno tilipo. Ntchito yotsitsa katundu ikuyenda, wakhanda wayamba kukwawa. Chandilembetsa ndi mdzukulu wanu wamkulu, uja mumamutcha Kanyerere.

Ovololo yanga ya kuntchito ili ndi nambala pachifuwa, 10001. Ndikaweruka ndimaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Kusukulu anawaphunzitsa kuti pali nambala zina zokana kugawika, ukazigawa pamatsala kanthu nthawi zonse. Iye atabwera anaima pachitsekopo, akuti aone ngati yanga ili m'gulu lomwelo.

Anayamba kugawa ndi 2, kenako 3, kumangopita choncho. Pepala litatha analemba pakatoni, katoni itatha analemba pansi ndi khala. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kuchisiya. Anzake akamuitana pawindo, osacheuka. Mpongozi wanu anakolopa pansipo dala, koma mwana sanalire, anangoyambira pomwe analekezera. Chimenechi ndicho chinandiopsa. Bola akanalira.

Ndinapita kwa aphunzitsi. Anaseka n'kunena kuti ndimusiye, ana otere ndi osowa. Nditafunsa ngati zimenezi zimadyetsa munthu, anayamba kukamba zina. Mnzanga woyendetsa lole akuti tingosinthana maovololo, yake imathera ndi 0, mwana agawe ndi 2 tonse tipume.

Loweruka anafika pa 73, ndipo nambala ija inagawika, yankho 137, osatsala kanthu. Ndinayesa pafoni, zinalidi choncho. Anadya mbale ziwiri n'kugona. Ine ndinati basi zatha. M'mawa ndinamupeza atakwera pampando akukopera nambala ya pa mita ya magetsi, yotalika kuposa ija.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Tili ana munkatiletsa kuseka amalume, alongo anu aja ankakhala pakhonde n'kumawerenga njerwa za khoma, mpaka anawatengera kuchipatala osabwererako. Sindinafunsepo za iwo. Kodi anayamba bwanji, ali ndi zaka zingati? Ankadya? Mukawaitana ankayankha? Musandibisire poopa kuti ndidandaula, ndikudandaula kale. Ngati zikufanana, ndipite naye kwa dokotala kusanachedwe. Ngati sizikufanana, ndimugulire makope asiye kudetsa pansi pa eni nyumba. Mpongozi wanu akufuna timutumize kwa inu akapumeko, koma ndati tidikire yankho lanu.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wanga. Muwauze achemwali akuwerengereni kalatayi muli awiri, ana asamve.

Mita ija ndaiphimba ndi kansalu. Kanyerere wati palibe kanthu, nambalayo anailoweza kale.

Tsalani bwino, Amayi, ndipo musachedwe kuyankha.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Bambo a Kanyerere