Ndege ya Bester

Mitundu, Lilongwe

Okondedwa achimwene a Masautso,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Cape Town kumeneko, pamodzi ndi alamu a Carol ndi ana. Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, koma kudimba sakujomba.

Ndapatsira kalatayi a Pitala, amene akubwera kumeneko, chifukwa nkhani yake si yokamba pa foni anthu akumvetsera.

Ndi za katundu munatumizira Bester uja. Mukumudziwa mng'ono wanu ndi ndege, chiyambire muja ankapanga zamawaya ali mwana. Atalandira, anakonza kachipinda kuseri kwa shopu yake yokonzera mafoni. Anaikamo mpando, kompyuta yophunzirira kuyendetsa ndege, chiwongolero, ndi kalamba kovala kumutu kaja ka timawaya tomata kuseri kwa makutu. Anandifotokozera kuti timalowetsa magetsi ochepa kwambiri m'kati mwa khutu, mmene muli zotithandiza kuima osagwa, ndiye ndege ya pa kompyutayo ikamakhota, thupi nalo limamva ngati likupendekeka.

Ine ndinayesa kamodzi. Kuseri kwa makutu kunanyerenyetsa, m'kamwa ngati ndanyambita chitsulo, kenako ndinangopezeka ndagwira mpando ndi manja awiri, chonsecho mpandowo sunasunthe.

Mwana wanga Ulemu sanavalepo, Bester anati si za ana. Ankangoima pakhomo n'kumaonerera. Koma tsiku lina aphunzitsi atafunsa ana za ntchito za abale awo, iye anayankha monyadira kuti amalume ake amauluka, ndipo dzulo lake anapita ku Blantyre n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu.

Achimwene, kwathu kuno mukukudziwa. Mawuwo pofika kumsika anali atasanduka akuti Bester akuphunzitsa ana ufiti. Anthu anabwera kudzatenga mafoni awo osakonzedwa. Anzake a Ulemu anayamba kumusiyira benchi yekha. Ndinamupititsa kaye ku Nathenje kwa azakhali a Martina.

Akuluampingo anatuma anthu awiri kudzaona, mayi Felesiya ndi bambo Wilson, aja anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni ali mnyamata. Bester anawaonetsa zonse, mpaka kutsegula kabokosi ka timawayato kuti aone batire. Mayi Felesiya anakana kuyandikira mpando. Bambo Wilson anavula chipewa n'kukhala. Bester anayamba wawafunsa ngati amadwala mtima kapena khunyu, iwo n'kuyankha kuti chowavuta ndi msana basi.

Ndege itanyamuka pa kompyutapo n'kukhotera kumanzere, ndinawaona bambowo akupendekeka pang'onopang'ono. Anagwiritsa mpando mpaka ndegeyo inatera. Kenako anati, "Ndi momwemu. Popita ku Theba, kumigodi kuja, ndege inatembenuka chonchi pamwamba pa Chileka, ine ndinagwira dzanja la munthu wosamudziwa."

Anakhala kaye akupukuta m'maso. Anati sankadziwa kuti thupi lawo likukumbukirabe.

Lamulungu bambo Wilson anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti zimene anaona ndi makina, ngati wailesi. Ambiri anamva. Koma mayi Felesiya akuti iwo anaona ndi maso awo munthu akupendekeka popanda womukankha, ndipo ena ali mbali yawo. Mafoni ayamba kubwerera, koma ochepa.

Tsopano amayi akuti katunduyo abwerere kwa inu kudzera mwa a Pitala, kuti pakhomo pakhale mtendere. Bester sanatsutse. Analongedza zonse m'katoni n'kumanga ndi chingwe. Koma sakudya bwino, ndipo ndege ikamadutsa kumwamba sakwezanso mutu.

Ndikuuzeni zoona, katoniyo sindinaipereke. Ili pansi pa bedi langa. Amayi ndawauza kuti tidikire mawu anu, poti mwini mbumba ndinu.

Pempho langa ndi ili: muwaimbire amayi, muwauze modekha kuti katunduyo akhale. Tikabweza, anthu adzati tinali ndi chobisa. Mumuimbirenso Bester, koma musamuseke monga mumachitira, panopa nthabwala sakuzimva.

Dzana ndinali ku Nathenje. Pondiperekeza ku depoti, Ulemu anandifunsa ngati ananama kusukulu kuja. Ndinamuuza kuti sananame. Anafunsanso ngati ndi iye amene wawalanditsa amalume ndege. Pamenepo minibasi inafika, ine n'kukwera. Ndikufuna podzamutenga ndidzamuuze kuti ndegeyo ilipo, adzafike kunyumba adzawapeze amalume ake pampando paja, chitseko chili chotsegula.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndi kwa anzanu a George ngati mukuonana nawo. Amayi akuti muzivala zofunda, kumeneko akumva kuti kukuzizira. Ambuye akusungeni kuntchito ndi panjira.

Ndine mlongo wanu,
Everlyn