Bawuti la pansi pa pampu

Lolemba, 12 Febuluwale
Madzi alowa m'nyumba, afika mu akakolo. Bedi taikweza pa mabuloko, mwana wanga Ndaona ndikumusunga pomwepo, asatsike. Chimbudzi cha pa yadi chasefukira, ndiye madzi awa si amvula okha. Komboni yathu yonse ya Kuku ikununkha.

Pampu yopopera madzi ya balandilodi, eni nyumba, amasunga ndi amuna anga, ba Moven, poti ndiwo amadziwa kuiliza. Koma nayo inamira. Oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Akuti ukailiza choncho injini imafa, mpaka amasule bawuti la pansi oilo woipayo atuluke. Bawutilo silikutembenuka.

Lachiwiri, 13
Tsiku lonse pa bawuti. Ine kugwira pampu pa tebulo, iwo kukoka. Sipanala yaterereka mpaka mutu wa bawuti wadyeka, wakhala ngati batani. Chala chawo chang'ambika.

Ba Felistus a khomo linalo aima m'madzi chitenje m'mawondo, akuti, "Ba Moven, mwadya lelo? Olo tiitane bamuna benangu?" Anthu kuseka. Ine ayi.

Lachitatu, 14
Ndaona watsegula m'mimba kanayi. Sindinauze munthu. Ndamupatsa madzi a shuga ndi mchere, wasanza.

Akazi akuti ukapita naye mwana ku kiliniki ali chonchi, amamutengera kwa a kolera, iwe utsala kunja kwa geti. Kaya ni zoona kaya. Ali ndi miyezi naini chabe. Akalira adzamuyamwitsa ndani? Pampu ikangolira madzi achoka, mwina achira kuno.

Lachinayi, 15
Takankha pampu pa wilibala mpaka ku Chawama kwa ba Kapambwe owotcherera. Apala bawuti ndi mpeni, atiyang'ana. "Nindani anaika guluu wa nsimbi apa? Uyu muntu ni wofunika kumanga."

Ndi ifeyo. Chaka chatha bawutilo linkadontha oilo, tinaopa balandilodi kuti anena taononga. Ba Moven anamata, ine ndinasakaniza guluuyo pa chitsekero cha botolo. Ndinakondwa tsikulo kuti lasiya kudontha.

Ba Kapambwe akuti awotcherera nati pamwamba, moto ufewetse guluu, bawuti lituluka. Koma malaiti palibe, makina owotcherera sangayake. Tadikira mpaka fifitini, 3 koloko masana, tabwerera nayo. Atichenjeza, "Osayesa tchizulo, iyi nsimbi ni yofewa."

Lachisanu, 16
Malaiti palibe. Mvula. Madzi afika pa buloko yachiwiri. Thewera la Ndaona louma kuyambira m'mawa, sakukodza.

Loweruka, 17
Ba Moven atenga tchizulo ndi hamala. Ndati dikirani, akuti, "Nidikile chani, mwana afe?" Kumenya kachitatu bawuti latuluka, koma latuluka ndi chibenthu cha injini. Bowo loti chala changa chilowa. Oilo yense watayikira m'madzi, akuyandama pansi pa bedi.

Ba Moven akhala pa bedi miyendo m'madzi, chibenthucho m'manja.

Ndaona wakana bere. Maso alowa, liwombo lalowa. Sakuliranso.

Ndamubereka. Kadi yake ya sikelo ndaikulunga m'pulasitiki. Ndawauza ba Moven kuti ndikupita ku kiliniki, akamutenga amutenge, ine ndigona pa geti. Angodzuka kukafuna ndodo yofufuzira ngalande panjira, poti siikuoneka. Ndikulemba choimirira, mwana akupumira pakhosi panga pang'onopang'ono.

Aipeza ndodo. Akuitana.