Zikwanje Zonola Mbali Zonse

17 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kutupa. Kuno tilipo, mdzukulu wanu wamera mano awiri, akuluma aliyense.

Ndiyambire pomwe zinayambira. Mu Meyi akhonsolo anagwetsa mashedi athu kumsika, ndi langa lowotcherera zitsulo lomwe. Pamalopo panamangidwa masitolo, ambiri anatenga ndi anthu obwera. Zinandiwawa, sindibisa. Ndiye panali bambo wina, timamutcha Wajekete, ankatiitana Lamlungu masana kuseri kwa chigayo. Ankatigulira zakumwa n'kumati, "Eni malo ndinu, koma ana anu adzadya fumbi. Mungokhala?" Ine ndinapitako kanayi, Bambo.

Tsiku lina anandipeza pakhonde pomwe ndinkagwirira ntchito. Anati akufuna zikwanje makumi atatu, zonola mbali zonse, kunsonga kosongoka. Ndinakumbukira lamulo lanu lija, loti usadule chitsulo usanafunse ntchito yake. Ndinafunsa. Iye anaseka. "Amisiri, mwayamba liti mafunso ngati aphunzitsi? N'zakumunda." Koma chikwanje chakumunda chimanoledwa mbali imodzi, ndipo ndani amalambula tchire ndi nsonga?

Panapita masiku atatu. Mayi a mwana anati, "Mwangoti ndwii ngati nkhuku yachitopa, mwatani?" Nditawauza anati, "Mwa obwerawo muli mayi aja ananditengera kuchipatala pagalimoto yawo tsiku lobadwa uyu. Awonso muwanolera chawo?"

Lachitatu lililonse wapolisi wina wamkazi amakhala mu ofesi ya komiti ya msika, kumva madandaulo a anthu. Ndinkaopa ziwiri, kunditsekera, kapena anzanga kunditcha kazitape. Ndiye ndinanyamula mbaula ngati ndikukapereka ntchito, n'kupita kwa atelala, omwe ndi apampando a komitiyo. Iwo anandilowetsa mu ofesimo kudzera khomo lakuseri. Wapolisiyo sanatulutse unyolo. Anandipatsa mpando, anafunsa kuti mwana ali ndi miyezi ingati, kenako ndinafotokoza zonse. Anati, "Anzanuwo sitikufuna kudzaza nawo chitokosi. Tikufuna abwerere kuntchito wina asanavulale."

Atelala ndi akomiti anayenda nyumba ndi nyumba, kulankhula ndi makolo ndi akazi a anzanga aja. Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo. Wajekete apolisi anamugwira ndi zigubu za petulo. Kenako wapolisi uja anaitanitsa msonkhano, akhonsolo anabwera, obwera aja anabweranso. Kunali phokoso, ena anatukwana, koma pomaliza anatipatsa malo m'mbali mwa mpanda. Langa ndi shedi nambala 9, laling'ono, koma magetsi alimo. Awiri mwa anzanga sandipatsa moni mpaka lero, mwina akuganizira. Ndikamva mapazi kumbuyo ndimacheukabe, ndipo mwana sindilola kuti azimusiya panja yekha.

Pali china chimene mayi a mwana sakudziwa. Nditafunsa funso lija n'kumva bodza lija, ndinanolabe zisanu. Ndinadziwa, koma manja anagwirabe ntchito. Wapolisi yekha ndiye ndinamuuza. Anabwera ndi atelala, anaima pomwepo ine ndikuzidula chimodzichimodzi. Wapolisiyo anati zidutswazo nditha kuzigwiritsa ntchito, ndiye ndinapangira mahinjesi ndi chokowera cha chitseko cha shedi.

Amayi muwapatse moni, muwauze kuti mwana akufanana nawo mphuno. Za zisanuzo musawauze, ndidzanena ndekha. Mundipempherereko wapolisi uja ndi atelala, ine mawu owathokozera ndilibe, ndangowawotcherera benchi la mu ofesi lomwe linkagwedera. Inunso zikomo chifukwa cha lamulo lija, ngakhale ndinalimvera mochedwa. Mwendo ukachira mubwere mudzaone chitsekocho, mudzachitsegule ndi dzanja lanu.

Ndine mwana wanu,
bambo a mdzukulu wanu.