Nsapato Zimene Sindinatumize

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino. Makina aakulu ositira anawonongeka, ndiye nsalu zoyala pabedi za hotela yonse tikusita pamanja anthu atatu. Ndasamukanso chipinda. Chatsopanochi chili pamwamba pa shopu ya wowotcherera zitsulo. Phokoso ndiye losasimbika, koma denga silidontha.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni tsiku lija sitinamvane, alamu ankakalipa kumbuyo kwanu. Ndifotokoze bwinobwino mmene zinayendera.

Mwana wangayo, amene inu munamutcha Wayilesi chifukwa cha pakamwa pake, anandiimbira Lachitatu lija kuthokoza nsapato. Ndinamufunsa kuti nsapato ziti. Anati pali bambo wina amene akuti ndimagwira naye ntchito, ndipo wakhala akumulembera mauthenga kwa milungu itatu. Bamboyo anamuuza kuti ndamupatsira katundu, akatenge Loweruka pokwerera mabasi, apite yekha, ndipo asakuuzeni kuopa kuti ana anu angachite nsanje. Anayamba ndi kupempha chithunzi cha mapazi, ati aone saizi. Kenako anapempha cha thupi lonse. Kuntchito kwathu kulibe mwamuna, kupatula mlonda wapageti amene foni yake ndi ya mabatani.

Nditamufunsa chimene anamukhulupirira, anati bamboyo amadziwa komwe ndimagwira ntchito, mtundu wa yunifolomu yanga, sukulu yake ndi tsiku lake lobadwa. Komatu zonsezo ndinaika pa intaneti ndine. Chithunzi chimene munanditumizira atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, atavala yunifolomu dzina la sukulu lili pachifuwa, ndinachiika patsamba langa pofuna kunyadira. Tsambalo linali lotsegukira aliyense. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka pano ndikuchitabe. Mnzanga wopinda nsalu wandithandiza kulitseka ndi kuchotsa zithunzi zonse za ana. Iye akuti mauthenga a bamboyo musafufute, akawaone aphunzitsi aakulu ndi apolisi, popeza mwina si mwana wathu yekha amene akumulembera.

Tsopano ndamva kuti alamu anamumenya mbama mwanayo ndi kutsekera foni yake m'kabati. Sindikuwaimba mlandu. Anachita mantha, ndipo akulera mwana amene sanabereke. Koma taganizani, achemwali. Nkhaniyi taidziwa chifukwa mwanayo anailankhula yekha. Akaona kuti kulankhula kumabweretsa mbama, ulendo wina adzatseka pakamwa. Mafoni kusukulu ali mbwee, anzake adzamubwereka, ndipo kumeneko kulibe diso lanu kapena langa.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwezereni foniyo, nambala ya bamboyo mutaitsekera. Aziigwiritsa ntchito pabalaza, izichajidwanso pomwepo, osati kuchipinda. Inu muzikhala naye nthawi zina, azikuonetsani amene amacheza nawo ngati akukuphunzitsani. Sipakhalanso bodza pamenepo, paja inu uthenga umodzi mumalemba mpaka madzi kuwira. Musamufunse ngati muli kukhoti, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumuuze kuti chilichonse chochokera kwa ine chizidzera m'manja mwanu, ndipo munthu aliyense wonena kuti asakuuzeni ndi amene ayenera kumunena msanga. Alamu muwawerengere ndime ino atadya kale.

Chiyambireni nkhaniyi papita milungu iwiri, ndipo mwanayo sanalankhule nane. Ndikaimba pafoni yanu mumati ali kubafa, mwina wapita kwa anzake. Ndikudziwa kuti amakhala ali pomwepo. Zikundipweteka, koma ndikumvetsa, poti ndine ndinakuuzani zimene iye anangondiuza mosangalala.

Ndiimba Lamlungu 3 koloko masana. Mumuuze kuti sindinamukwiyire, ndiponso kuti amene analakwa poyamba ndine. Ngati safuna kuyankha, musamukakamize. Angogwira foniyo kukhutu, ndilankhula ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa azakhali ngati akadali kwanu.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi a Wayilesi